Ennie ndi Mgodi wa pa Nsalu

Tsiku lina mu Julaye, chaka cha 2000, Ennie Njobvu anagula tinsomba touma ta kapenta pa msika wa Chisokone mu Kitwe. Mayi wogulitsayo anang'amba pepala, n'kukulunga kapentayo, n'kumupatsira. Ennie analiyang'ana pepalalo. Inali pulani ya mapaipi a pansi pa mgodi, ndipo pakona pake panali zilembo ziwiri, E.N., zolembedwa ndi dzanja lake lomwe.

Pulani imeneyo anaijambula milungu itatu.

"Mapepala awa mwawatenga kuti?" anafunsa Ennie.

"Ku mugodi banataya, amai, mawilibala na mawilibala," anayankha wogulitsayo mosangalala. "Ni yolimba maningi, mafuta siyapita."

Ennie anakhala pansi pakhonde la telala wina, kapenta ali m'manja, n'kulira ngati pamaliro. Anthu ankangomulambalala. Masiku amenewo mu Kitwe munthu wolira pamsika sanali wodabwitsa.

Inu amene munachotsedwapo ntchito mukudziwa kuti chowawa si njala yokha. Chowawa kwambiri ndi kuzindikira kuti zimene unazigwira ndi mtima wonse, anthu ena akuziona ngati zinyalala. Ennie anagwira zaka khumi ndi zinayi mu ofesi yojambula mapulani pa mgodi wina wa kunja kwa Kitwe. Sanali injiniya. Masamu anamugwetsa pa mayeso a sekondale, ndipo ntchito yake inali yokopera mwaukhondo zimene mainjiniya alemba mothamanga. Boma litagulitsa migodi, eni atsopano anatseka ofesiyo, n'kumupatsa kalata ya mizere inayi. Tsopano ankadulira matelala mapatani a madiresi kuti apeze ya sopo.

Atamaliza kulira anachita chinthu chimene anzake anati ndi misala. Anayamba kuzungulira msika ndi manyuzipepala akale, n'kumasinthanitsa ndi mapulani aja. Kwa ogulitsa kapenta, kwa a mtedza, kwa a vitumbuwa, konse anafikako. Akafika kunyumba ankawapukuta, n'kuwasita ndi simbi yamakala, n'kuwasanja pansi pa bedi. Mutamufunsa kuti achita nawo chiyani, sakanakuyankhani. Ankangodziwa kuti mtima wake sulola.

"Amake Lulu," ankatero mwamuna wake Gershom, "nyumba yonse inunkha kapenta, koma pa mbale palibe."

Gershom ndiye anali adakali pantchito. Ankayang'anira mapampu pa levulo 2200, kutanthauza mapazi zikwi ziwiri ndi mazana awiri pansi pa nthaka. Muyenera kudziwa kuti migodi ya ku Copperbelt mdani wake wamkulu ndi madzi. Amatuluka m'miyala usana ndi usiku, sadziwa Sabata, sadziwa sitiraka. Mapampu akaima, mgodi umamira, ndipo mgodi womira kawirikawiri sudzukanso.

Chaka chisanathe Gershom anabwera ndi nkhani imene inamukanikitsa kudya. Mapampu a pa levulo 2200 anali atatheratu, akungoyenda mwa chisomo. Kuti awasinthe pankafunika kuwazimitsa masiku khumi. Koma mainjiniya a eni atsopano atawerengera, anapeza kuti madzi adzadzaza chipinda cha mapampu m'masiku awiri okha. Kukumba chipinda china anati n'kodula kwambiri. Choncho anagamula kuti chaka chamawa chikamatha adzazimitsa zonse, madzi autenge mgodiwo. Anthu mazana asanu ndi limodzi, Gershom ali momwemo, adzapita kwawo.

Lamlungu lotsatira, atatuluka mu tchalitchi cha Reformed, bambo wina wamagalasi anamuimitsa Ennie. Anali a Stanislaus Miti, mphunzitsi wa zauinjiniya pa yunivesite ya mumzindamo, munthu wowonda amene malaya ake nthawi zonse ankakhala ndi choko.

"Amai Njobvu, namvela ati muli na mugodi pansi pa bedi."

"Bakunamizani, ba Stanislaus. Ni mapepala chabe."

"Ndiye yamene nifuna."

A Stanislaus anali atatha zaka ziwiri akumanga mgodi womwewo m'kompyuta, koma mgodi wa manambala okhaokha. Pampu iliyonse, valavu iliyonse, waya aliyense wamagetsi anamulemba, pamodzi ndi chimene amadalira komanso chimene chimamudalira. Ukasintha chimodzi, kompyuta inkawerengera zonse zimene zisinthe chifukwa cha icho. Nzeru zawo zinali zakuya, koma anali ndi mavuto awiri. Loyamba, mapulani ambiri anali atatayidwa, moti malo ena ankangolota. Lachiwiri, atapita kukaonetsa akuluakulu a mgodi, iwo anaona mizere ya manambala, n'kuyamba kuyasamula.

"Ine nili na ubongo ulibe nkhope," anatero a Stanislaus. "Imwe muli na nkhope. Bwelani muijambule mu kompyuta, tivigwilizanitse."

Ennie anaseka. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo kompyuta anali asanaikhudzepo.

Tsiku loyamba anagwira kambewa ka kompyuta ngati akugwira dzira, ndipo kamuvi kankathawira kukona. Ophunzira achichepere ankatembenukira kukhoma kuti asaoneke akuseka. Mzere umene ankaujambula ndi cholembera m'kuphethira kwa diso unamutengera ola lathunthu. Koma dzanja lozolowera ukhondo silibisika. Patatha mwezi, ophunzira omwe aja anayamba kubwera kudzasuzumira. Ennie sankajambulanso mizere yogona papepala. Ankamanga zinthu zokhala ndi utali, mulifupi ndi kuya, zoti ukhoza kuzizungulira n'kuziona kumbuyo.

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Masana ena magetsi anathima, ndipo atayaka, ntchito ya miyezi iwiri inali itafufutika. Ennie ananyamula kachikwama kake, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba. Masiku atatu sanapiteko. Tsiku lachinayi anaona Gershom akusoka nsapato yake ya kuntchito ndi waya, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, ndipo Ennie anachita manyazi. Anabwerera, n'kuyambiranso pa paipi yoyamba.

Chinsinsi cha ntchito yawo chinali chophweka kuchinena koma chotopetsa kuchichita. Chinthu chilichonse chimene Ennie wajambula ankachipatsa nambala yofanana ndi ya chinthu chomwecho m'manambala a a Stanislaus. Zinthu zoposa zikwi zitatu, chimodzichimodzi, osalakwitsa. Akatero, chithunzi ndi manambala zinkakhala thupi limodzi. Ukatseka valavu pachithunzi, manambala ankasintha. Manambala akasintha, chithunzi chinkaonetsa zotsatira zake.

Tsiku limene anamaliza, a Stanislaus anati, "Zimitsani mapampu, tione."

Ennie anadina. Pansi pa chithunzicho panaoneka madzi obiriwira ngati thambo. Anayamba kukwera pang'onopang'ono, kulowa mumsewu uwu, kukhotera mumsewu uwo, kutsika pamene patsetsereka, ndendende mmene madzi enieni amachitira. Palibe amene anawajambula madziwo. Ankadzipezera okha njira. Ennie anagwira pakamwa, tsitsi lili nyaunyau. Zaka khumi ndi zinayi anajambula mgodi umene sanaulowepo, chifukwa nthawi imeneyo akazi sankaloledwa pansi, ndipo lero unali pamaso pake ukupuma.

Kenako anayang'ana nambala ya pakona pa chithunzicho, imene inkawerenga masiku. Masiku awiri. Madzi anameza mapampu m'masiku awiri, monga mmene eni mgodi ananenera.

Tangoganizani. Miyezi isanu ndi iwiri ya thukuta, n'cholinga chongotsimikizira mokongola kuti mwamuna wako ntchito imuthera. A Stanislaus anavula magalasi, n'kumawapukuta nthawi yaitali.

"Koma pali chintu chimozi chinivuta," anatero pamapeto pake. Anamuonetsa Ennie kuti shafuti ina yakale ya kumadzulo, dzenje lotsikira pansi pa mgodi, imene mapampu ake anali adakali bwino, inkatulutsa madzi ochuluka kuposa amene mapulani ankati imalandira. Tsiku lililonse, chaka ndi chaka. "Aya manzi yachokela kwinangu. Kuli njila yamene sitiiziba."

Ennie atamufotokozera Gershom, mwamunayo anakanda kumutu n'kuyang'ana kumbali, mmene amachitira munthu wodziwa kanthu.

"Amake Lulu, mapulani yanu ni mugodi wa ma bwana. Wa pansi ni winangu."

Ndipo anamuululira zimene aliyense wa pansi ankadziwa, koma za mu ofesi sizinkafikako. M'zaka zimene migodi inkalowa pansi, chitsulo chikathyoka, chatsopano chinkatha miyezi osabwera. Amisiri sankakhala manja lende. Ankadula paipi kuno n'kukalumikiza uko, mgodi n'kumayendabe. Koma lamulo linali lakuti wosintha chinthu popanda chilolezo cholembedwa achotsedwe ntchito. Ndiye ankapulumutsa mgodi mwakachetechete, n'kubisa umboni ngati akuba. Njira yobisika ya madzi aja Gershom sankaidziwa, koma wamkulu wa amisiri a mapaipi nthawi imeneyo anali a Samson Chileshe. Iwowo anachotsedwa ntchito m'gulu loyamba, ndipo anasamukira ku Ndola.

Ennie anakwera minibasi pa Chisokone. Anawapeza a Samson ku komboni ya Chipulukusu mu Ndola, kuseri kwa nyumba ya zipinda ziwiri, akukhoma mbaula kuchokera ku migolo yakale. Anali nkhalamba yamapewa aakulu, ya zala zitatu kudzanja lamanzere. Ennie anagwada, n'kupereka moni, n'kuyala pulani pansi.

A Samson sanaiyang'ane n'komwe.

"Mayo, ine nasebenza zaka sate-wanu. Pochoka bananisecha mu matumba monga kawalala. Manje bafuna vamene vili mu mutu? Awe. Siniziba kantu. Umile."

"Ba Samson, amuna banga bali pa mapampu."

Nyundo inaima pang'ono m'mwamba, kenako inatsikanso pa mgolo. "Pepani, mayo. Siniziba kantu."

Ndikuuzeni zoona, ine a Samson sindiwaimba mlandu. Munthu amene mwamutaya ngati chikopa cha nthochi musamayembekezere kuti akupatsani nzeru zake ndi manja awiri. Komanso mantha anali adakalipo. Kuulula kunali kuvomera kuti anaphwanya lamulo la pansi pa mgodi.

Ennie anayesa amisiri ena asanu. Onse anamulandira bwino, onse anaiwala mwadzidzidzi. Ena moona mtima pulani ya papepala sankaimva. Mgodi ankaudziwa ndi mapazi, osati ndi mizere.

Ali m'minibasi yobwerera ku Kitwe, Ennie anakumbukira khalidwe la matelala a pa Chisokone. Telala ukamufunsa chinsinsi cha kasokedwe kake, sakuuza. Koma dutsa pamaso pake utavala malaya a kolala yopotoka, sapirira. Akuitana yekha, n'kukuuza pamene walakwitsa mnzakeyo. Mmisiri akhoza kusunga chinsinsi, koma sangathe kuonerera cholakwa ali chete.

Anapempha holo ya tchalitchi Loweruka masana. A Stanislaus anabwereka pulojekita ku yunivesite, kompyuta anainyamulira pamiyendo m'minibasi. Azimayi a chigwirizano anatchinga mawindo ndi zitenje, ndipo Ennie anapachika kukhoma nsalu yake yoyera ya pabedi. Uthenga umene anatumiza kwa amisiri akale sunatchule za kufunsa kanthu. Unangoti, bwerani mudzauone mgodi wanu komaliza usanamire.

Anabwera anthu oposa makumi anayi, ena ndi ndodo, ena atavala majekete a pa ukwati. A Samson anafika mochedwa, n'kukhala pa benchi ya kumbuyo, manja atapinda pachifuwa.

Nsalu inawala. Panaoneka chikepe cha mgodi, chitseko chake n'kutseguka. Ennie anayendetsa kambewa kaja, ndipo holo yonse inayamba kutsika. Levulo 600. Levulo 1000. Miyala ikudutsa m'mbali. Nkhalamba ina inagwiritsa benchi ngati ikuopa kugwa. Chikepe chitaima, anatulukira mumsewu wa pansi, mapaipi ali m'mwamba, njanji ili pansi.

Kenako, popanda wowauza, amuna aja anayamba kuvula zipewa mmodzimmodzi.

Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinapita kukathandiza kusanja mabenchi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe. Anthu amene anauzidwa kuti sadzapondanso pansi anali pansi, atakhala m'tchalitchi. Wina ankaloza pamene ankadyera mkate wake. Wina anaona khonde limene mnzake anafera, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mgodi wonse umene unali pansi pa mapazi athu, wamdima, wosaoneka, unali pa nsalu ya pabedi ya mayi wolephera masamu.

Ndiye panamveka mawu: "Awe, iyo valavu siili apo. Tinaisendeza."

"Ili pati, atate?" anafunsa Ennie modekha, ngati sizikumukhudza.

"Pasogolo, pambuyo pa kona."

Ennie anaigwira valavuyo pachithunzi, n'kuikokera pamene ananena. Holo inachita phokoso. Kungoona kuti cholakwa chikukonzeka pomwepo, nkhalamba zonse zinadzuka. Uyu akuti paipi iyi ndi yaing'ono, uyo akuti waya uyu anadulidwa kalekale, awiri akukangana za chaka. Anthu amene sabata yatha sankadziwa kanthu tsopano ankalimbirana kulankhula. Ennie ankakonza, a Stanislaus akuyang'ana manambala. Koma nambala ya pakona sinasunthe kwenikweni. Masiku awiri ndi theka.

A Samson anali adakali chete.

Ennie anatsitsa holo mpaka pa levulo 2200. Analowa m'chipinda cha mapampu, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma la kumadzulo. Pa mapulani onse khoma limenelo linali thanthwe losalala. Anafika kumapeto, anatembenuka, n'kudutsanso pomwepo. Kenako ananena mokweza, akuyang'ana nsalu:

"Apa ndiye palibe chilichonse. Ni mwala chabe kuchokela kale. Palibe anagwilapo nchito apa."

Benchi ya kumbuyo inalira.

"Imilila, we mwana!"

A Samson anayenda pakati pa anthu mpaka kutsogolo, mthunzi wawo utadzaza theka la nsalu. Anaika zala zawo zitatu pakhomalo.

"Mwala? Uyu mwala? Ivi ni vidina, tinamanga ise, tapaka na laimu! Kumbuyo kuli paipi ya ma inchi twenti-fo. Naintini nainte-wanu, valavu ikulu inafa, sipeya palibe miyezi eiti. Tinachosa mapaipi ku chigawo chakale, tapitisa mu musewu wosiyiwa mpaka ku shafuti ya kumazulo. Masabata sikisi, bantu naini. Ati palibe anagwilapo nchito!"

Atamaliza m'pamene anazindikira chimene achita. Anayang'ana anthu, anayang'ana Ennie.

Ennie anagwira kambewa kaja. Anayamba kujambula. A Samson, poti madzi anali atatayika kale, anayamba kumulondolera: apa ikhota, apa itsika, valavu yake tinaisiya yotsegula pang'ono kuti isachite dzimbiri. Paipi inatalika pansalupo mpaka inakafika ku shafuti ya kumadzulo. A Stanislaus anailembera nambala, n'kuilumikiza ku manambala awo. Mwadzidzidzi anaimirira, mpando n'kugwa. Madzi owonjezera aja, amene anawazunguza mutu zaka ziwiri, anali atapeza kwawo. Manambala anagwirizana.

"Isegulileni yonse," anatero a Stanislaus. "Manje zimitsani mapampu."

Madzi obiriwira aja anayamba kukwera. Atafika pakhomalo anakhota, ochuluka n'kuthamangira kumadzulo. Otsalawo ankakwera ngati akuchita ulesi. Nambala ya pakona inayamba kuyenda, ndipo holo yonse inkawerenga mokweza: faifi, sikisi, seveni. Itadutsa teni azimayi a chigwirizano anayamba nthungululu. Inakaima pa masiku khumi ndi atatu.

Injiniya wamkulu wa eni atsopano anali mayi wochokera kunja, dzina lake Gwen, wosakonda nthabwala. Ennie ndi a Stanislaus anadikira pakhomo la ofesi yake masiku atatu asanawalole kulowa. Anawapatsa mphindi khumi. Anakhala maola awiri, akutseka ndi kutsegula mavalavu ndi dzanja lake, akufunsa mafunso ngati wapolisi. Pomaliza anati chithunzicho n'chodabwitsa, koma iye sangaike miyoyo ya anthu pa paipi imene ili m'mutu mwa nkhalamba. Akufuna kuigwira.

A Samson anavomera kutsika, koma anatsanzika kwawo ngati munthu amene sabwerera. Ennie naye anapatsidwa chisoti ndi nyali, n'kulowa m'chikepe koyamba m'moyo wake. Atafika pa levulo 2200 Ennie sanafunse njira. Anatsogola yekha, kukhota kumanzere, kutsika masitepe, mpaka Gershom, amene anali pa ntchito tsikulo, anangoima kukamwa kuli yasa.

A Samson anagogoda khoma ndi nyundo. Apa linalira ngati mwala. Apa ngati mwala. Apa linalira ngati ng'oma. Anyamata a ntchito anaswa zidina, fumbi linatuluka, nyali zinaloza mkati.

Inalipo. Paipi yaikulu yoti mwana akhoza kukwawamo, valavu yake itakulungidwa ndi mphira n'kupakidwa girizi wochindikala. Gwen anaika dzanja pa chitsulocho, n'kumva madzi akuyenda mkati. Anayenda ndi nyali yake akuyang'ana mmene anaotcherera mfundo iliyonse.

A Samson anavula chisoti. "Mufunseni," anauza Ennie chapansipansi, "ngati ni ku polisi, nipite nikavale nsapato zabwino."

Ennie atamasulira, Gwen anawayang'ana a Samson. Kenako anati awafunse ngati angavomere kuyang'anira ntchito yosintha mapampuwo, chifukwa sakuona wina woidziwa paipiyo kuposa amene anaipanga.

Anayesa paipiyo milungu itatu. Asanakhudze chitsulo chilichonse, gulu lonse linayeserera ntchitoyo pa chithunzi cha Ennie kasanu, aliyense akuona pamene adzaime ndi chimene adzagwire. M'kuyeserera komweko anapeza kuti pampu yatsopano singadutse pa khomo lina, inkatsala ndi chikhatho chimodzi. Anakulitsa khomolo pampu isanatsike.

Kenako anazimitsa mapampu enieni.

Ennie anakhala pamwamba ndi kompyuta. Ola lililonse Gershom ankaimba foni kuchokera pansi kunena pamene madzi afika, Ennie n'kuyerekeza ndi madzi a pachithunzi. Ankayendera limodzi ngati mapasa. Tsiku lakhumi linafika ntchito isanathe, chifukwa mabawuti ena anakana. Tsiku la khumi ndi chimodzi madzi anafika pa sitepe yachiwiri ya chipinda cha mapampu. Gwen anaima kumbuyo kwa Ennie, n'kufunsa funso limodzi: awatulutse anthu, kapena ayi?

Mwamuna wake anali pansipo. Mgodi unali pansipo. Ennie anayang'ana chithunzi chimene anachimanga paipi imodziimodzi, chimene nkhalamba makumi anayi zinachikonza, chimene masiku khumi ndi limodzi chinali chisananame.

"Tili ndi maola makumi anayi," anatero Ennie. "Apatseni khumi ndi awiri. Akakwana, atuluke, zathe zisathe."

Anagwiritsa asanu ndi anayi. Cha m'ma folo koloko masana foni inalira. Ennie ataikweza sanamve mawu a munthu. Gershom anangoilozetsa ku mapampu, ndipo m'khutu mwa Ennie munalowa mkokomo waukulu, wosalala, wosatsokomola. Panja, m'ngalande ya mgodi imene inauma masiku khumi ndi limodzi, madzi anatumphuka, ndipo anthu amene anadzaza kumpanda anayamba kuimba. Ennie anagwada pansi pa tebulo pomwepo, foni ili kukhutu.

Mgodiwo sunatsekedwe. Anthu mazana asanu ndi limodzi aja anapitiriza kutsika m'chikepe m'mawa uliwonse. Ennie anaitanidwa kuti atsegule ofesi yatsopano, ndipo lamulo loyamba limene anapempha linali lakuti mmisiri aliyense wosintha chinthu pansi abwere adzachionetse pachithunzi, ndipo dzina lake lilembedwe pa chinthucho. Dzina loyamba kulembedwa, pa paipi ya kumadzulo, linali la Samson Chileshe. Nkhalambayo inapempha kuti aikulitsire zilembo kuti ione bwino. Inawerenga kawiri, n'kutuluka panja mofulumira, ikunamizira fumbi kuti lalowa m'maso.

Inu amene akuuzani kuti nthawi yanu inatha, kuti mwakalambira kuphunzira, kuti luso lanu lilibenso msika, mverani. Amene anakuchotsani anatenga ntchito, sanatenge zimene manja anu akudziwa. Mwina muli ndi theka lokha la yankho, ndipo theka linalo lili ndi munthu amene mumakhala naye benchi imodzi osadziwa. Mufunefuneni. Phunzirani chida chatsopanocho ngakhale ana akusekeni. Chikafufutika, yambiraninso pa mzere woyamba.

Madzi akhoza kukhala pa sitepe yachiwiri lero, koma sanafike pakhosi. Osataya mtima, gwiranibe ntchito.